Ndalama ya Khirisimasi tapatula, koma tikumbukire ndani?

Funso

Mayi wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe watilembera motere: "Tili ndi gulu la amayi la banki mkhonde, ambirife ndi a mpingo umodzi. Tikamagawana ndalama mu Disembala timapatula kangachepe koti tikasangalatsire ovutika. Zaka zonsezi takhala tikupita kuchipatala pa 25 Disembala, kukagawa sopo, shuga ndi Sobo, kuimba nyimbo, kujambulitsa, n'kubwerera. Chaka chino mtima wanga sukukhazikika. Ndikamabwerako ndimapeza mlonda wathu ali pageti pomwe ndinamusiya, mtsikana wantchito akutsuka mbale za alendo. Kodi tikuchita bwino? Oyenera kuwakumbukira nyengo ino ndani, ndipo tiwakumbukire bwanji kuti zikhale zothandizadi?"

Yankho

Mayi, zimene gulu lanu limachita si zolakwika, ndipo wina asakunyozeni nazo. Sopo amene mumagawayo anthu amakasambiradi. Koma kusakhazikika kwa mtimako musakupondereze, chifukwa maso anu aona zoona. Ndagwira ntchito yoona za chisamaliro cha anthu kwa nthawi yaitali, m'zipatala ndi m'midzi, ndipo chimene chimandiwawa chaka ndi chaka n'chakuti opereka timaunjikana tsiku limodzi, pamalo amodzi, titasenza katundu wofanana, chonsecho mavuto a anthu amene tikuti tikuwakumbukirawo sayendera kalendala ya chikondwerero. Ena ali pageti pathu pomwe. Ena njala yawo yeniyeni imadzawafika ife titaiwala kale kuti kunali Khirisimasi.

Ndiyambira kwa mlonda wanuyo, poti mwamutchula nokha.

Taganizani mmene usiku wa pa 24 Disembala umakhalira kwa iye. Mvula ya nyengo ino sichenjeza. Wakhala pa kreti ya mabotolo m'kanyumba ka pageti, jekete lanyowa, udzudzu uli m'miyendo, tochi yayamba kufooka. Galimoto zikulowa ndi kutuluka mpaka pakati pa usiku, iye dzukeni, tsegulani, tsekani. Fungo la nkhuku yokazinga likumupeza pomwepo. Ana ake ali ku Mgona kapena ku Mtandire, ndipo akaweruka m'mawa apita wapansi kuti ndalama ya minibasi ikagule ndiwo. Munthu ameneyu chimene akufuna poyamba si mphatso ayi. Akufuna zake zimene wakhetsera thukuta.

Lamulo la Ntchito la m'chaka cha 2000 limanena momveka kuti munthu akagwira ntchito pa tsiku la tchuthi cha boma, malipiro a maola amenewo akhale owirikiza kawiri, osachepera pamenepo. Pa 25 ndi pa 26 Disembala ndi matchuthi a boma, pa 1 Januwale chimodzimodzi, kenako pa 15 Januwale, tsiku la Chilembwe. Lamulo lomwelo limati wantchito asagwire masiku oposa 6 otsatizana osapumako tsiku lathunthu, ndipo limamupatsa tchuthi cha pachaka cholipidwa: masiku 18 kwa wogwira masiku 6 pa sabata, masiku 15 kwa wogwira masiku 5. Amene lamuloli silikuwakhudza ndi asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende. Mlonda wa pakhomo ndi mtsikana wantchito limawakhudza ndithu. Ambiri olemba antchito m'makomo sadziwa zimenezi, ena amadziwa koma amayesa ngati lamulo limathera kunja kwa mpanda. Ndiye mumapeza mayi wanyamula makatoni a sopo ulendo wa kuchipatala, kunyumba wasiya mtsikana amene sanapumepo Lamulungu ndi limodzi lomwe chiyambire Okutobala, malipiro a Novembala anangolandira theka. Mundikhululukire kulankhula mosapsatira, koma pamenepo chifundo sichinayambe. Ngongole ibwezedwe kaye.

Choncho pamsonkhano wa gulu lanu, musanakambe za kuchipatala, mayi aliyense adzifunse za apakhomo pake. Malipiro a Disembala aperekedwe msanga, kukadali sabata yathunthu, chifukwa ndalama imeneyo ili ndi ulendo wake: ikupita kumudzi kukagula feteleza wobereketsa, ndipo chimanga sichidikira kuti mwezi uthe. Ngati mtsikanayo akufuna kukaona makolo, mupatseni masiku ndi ndalama yoyendera, yopita ndi yobwerera yomwe, mbalezo mutsuke ndi ana anu. Ngati n'kosatheka kuti achoke pa 25, gwirizanani naye tsiku lina, ndipo tsiku la tchuthi limene wagwiralo mumulipire monga lamulo likunenera. Chakudya chikapsa, mbale ya mlonda ipakulidwe nthawi imodzi ndi ya bambo a m'nyumba, yotentha, nthuli yake yooneka, osati makombo a 11 koloko usiku. Mumufunse kaye, chifukwa alonda ena ndi Asilamu ndipo nyama yosazingidwa mwa Chisilamu sadya.

Ngati mlondayo ndi wa kampani, malipiro ake simuwalamulira ndinu. Komabe mukhoza kumufunsa ngati walandira, ndipo ngati akumuchedwetsera, mawu anu monga kasitomala amamveka kuofesi kwawoko kuposa ake. Mphatso yake mumupatse m'manja. Zimene alonda amatchula mukawafunsa si zodula: chovala cha mvula, majombo, tochi yochajitsa, tiyi wotentha m'fulasiki.

Tibwere kuchipatala tsopano, kumene mwazolowera kupita.

Pa 25 wodi ya amayi ochira ndi wodi ya ana zimadzaza ndi alendo. Andale, makampani, mipingo, onse akufuna kunyamula khanda lobadwa pa Khirisimasi. Khanda lobadwa pa 27 palibe amene amalifunsa, chonsecho mayi ake nawonso anabwera ndi chitenje chimodzi. Pali mawodi ena amene alendo amawalambalala chaka chilichonse: ya odwala TB, ya opsa ndi moto, ya othyoka mafupa amene agona miyezi mwendo uli pachitsulo, ya amayi a kangaru amene akufungatira ana obadwa masiku asanakwane. Ku Zomba kuli chipatala cha odwala matenda a maganizo, kumene ena abale awo anasiya kalekale kuwayendera.

Koma munthu amene ndikufuna mumuyang'anitsitse ndi gadiyani. Chipatala cha boma chimadyetsa wodwala, womudikirira amadzionera yekha. Tsiku lina mudzapite kuseri kwa chipatala chachikulu chilichonse, kumene magadiyani amaphikira, cha m'ma 5 koloko m'mawa. Mudzapeza amayi atazungulira mafuwa, akuuzira nkhuni zonyowa, utsi uli m'maso, kapoto kakuda ka phala kali pamoto. Wina wagula kaufa ka wokumani, ka nsima imodzi, ndi kamulu ka bonya. Wina alibe chilichonse, wangokhala pambali kudikira mnzake aphule kuti abwereke moto ndi poto yemwe. Usiku wagona pasimenti, chitenje china pansi china pamwamba. Mayi ameneyu ndi amene amasambitsa wodwala, kumutembenuza, kumuchapira, kumudyetsa, kuthamangira anesi dripi ikatha. Anamwino athu ndi ochepa, ndipo popanda iye wodi singayende. Ambiri anabwera pa ambulansi kuchokera kuchipatala cha kuboma kwawo, ku Ntchisi, ku Dowa, ku Mchinji, ku Dedza, akuganiza kuti akhala masiku atatu, lero yatha milungu. Kumudzi munda ukumera udzu, ana anawasiya ndi agogo. Tsiku limene wodwala adzatulutsidwe, nthawi zambiri ulendo wobwerera umakhala wodzilipirira, ndipo ndalama ya basi anaidya kale.

Ndiye mukandifunsa kuti tisankhe botolo la Sobo kapena mtolo wa nkhuni zouma, ine ndisankha nkhuni. Ufa, nyemba, mchere, mafuta ophikira, makala, beseni, chitenje, ndi kandalama koyendera kwa amene atulutsidwa koma akukanika kuchoka.

Njira yake ndi yoti awiri mwa inu apiteko kukadali masiku, akaonane ndi a metroni, kapena ofesi yoona za chisamaliro cha odwala, kapena abusa ndi ansembe otumikira pachipatalapo. Akafunse zinthu ziwiri basi: ndi wodi iti imene sikulandira alendo, ndipo ndani amene wakhalitsa popanda womuyendera. Anesi amadziwa mpaka bedi lake. Akakuuzaninso zosayenera kubweretsa. Wodwala shuga mukamupatsa Sobo ndi paketi ya shuga mwamuika pa chiyeso. Wodikira opaleshoni saloledwa kudya. Chakudya chophikaphika nachonso chimafuna kusamala nyengo ya mvula ino. Mukukumbukira mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, waukulu kuposa mliri wina uliwonse wa kolera m'mbiri ya dziko lino, umene unapha anthu oposa 1,700. Unakula kwambiri nyengo ya zikondwerero yomweyi, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Mpunga wophikidwa m'mamawa, woyenda m'mabeseni, wogawidwa madzulo ndi manja ambiri kwa anthu ofooka kale, ukhoza kubweretsa vuto limene simunalifune. Zouma n'zotetezeka, ndipo zimakhalitsa.

Kuimba imbani, nyimbo imatsitsimutsa mtima wa wodwala. Kungoti funsani kaye, ndipo tsitsani mawu. M'wodimo muli wina amene wangopeza kumene tulo atabuula usiku wonse, ndipo si onse a chipembedzo chanu. Woti mumupempherere anene yekha.

Pali mphatso ina imene sifuna ndalama ya banki mkhonde, ndipo ndimadandaula kuti magulu ngati lanu saiganizira: magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ophunzira a m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji. Mu Disembala sukulu zimatseka, ndiye magazi amachepa, nthawi yomweyo imene ngozi za pamsewu zachuluka, malungo ayamba kutha ana magazi, ndipo amayi akupitirizabe kuchira tsiku ndi tsiku, ena akutaya magazi ambiri. Amene anaonapo mwana atayera m'manja ndi m'maso, anesi akuimba mafoni kufunafuna botolo limodzi, amadziwa kulemera kwa chimene ndikunenachi. Magazi amene amatenga kwa munthu mmodzi safika theka la lita, thupi limabwezeretsa, ndipo amayamba akuyezani kaye ngati muli woyenera. Ku Lilongwe komweko bungweli lili ndi malo ake. Amayi athanzi a m'gulu lanu atapita ndi amuna awo, mungakhale mutachita chinthu chimene makatoni onse aja sangachite.

Ogwira ntchito m'wodimo nawonso ndi anthu. Kuchipatala chaching'ono cha kumudzi nesi amakhala mmodzi, wa usana ndi usiku womwe, akangoti akhale pansi adye pakhomo pagogodedwa. Ndaonapo ubale wokoma pakati pawo: nesi wa Chisilamu kutenga ntchito ya pa Khirisimasi kuti mnzake akapemphere, ikafika Eid n'kubwezerana. Inu chimene mungachite n'chapafupi. Ngati m'dera lanu muli nesi, wapolisi, dalaivala wa ambulansi kapena wa minibasi, wothira mafuta pa filing'i siteshoni, amene ali pantchito tsikulo, itanani ana ake adzadye ndi anu. Kholo limagwira ntchito mtima uli m'malo likadziwa kuti ana sakusuzumira pawindo anzawo akudya mpunga. Apolisi a pamsewu okha musawapatse ndalama n'kumati ndi ya Khirisimasi, chimenecho ndi chiphuphu. Moni waulemu ndi botolo la madzi n'zokwana.

Sopo mumagawa uja, kumene akusowa kwenikweni ndi kundende. Maula ili mu Lilongwe momwemo. Ndende zathu n'zodzaza kupyola muyeso, ndipo khoti linagamula kale mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, kuti kuthithikana kotere m'zipinda zosalowa bwino mpweya ndi nkhanza yosayenera kuchitira munthu. Akaidi ambiri amadya kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo. Mphere sizitha. Ena ali pa rimandi, mlandu wawo sunagamulidwe n'komwe, ndipo kuchigawo cha amayi mumapezeka ana aang'ono amene sanalakwe kanthu. Kumeneko simungangofika, muyenera kulemba kalata kwa mkulu wa ndendeyo, iwo akuuzeni tsiku ndi zololedwa kulowa. Sopo, mafuta odzola, mapadi ndi zovala zamkati za amayi, Likuni Phala wa ana. Ndipo musaiwale banja la mkaidi limene latsala kunja. Mkazi wake mwina mumapemphera naye, anthu anasiya kumupatsa moni, ana ake anzawo amawaloza chala.

Tsopano ndifike pamene ndikufuna gulu lanu liganizirepo mozama, chifukwa apa m'pamene kandalama kanu kangagwire ntchito yaikulu.

Khirisimasi ya kwathu kuno imagwa mkati mwa nyengo ya njala. Timakolola kuyambira Epulo mpaka Juni. Mabanja ambiri a kumudzi chimanga chimawathera mu Okutobala kapena Novembala, ndipo pamsika mtengo umangokwerakwera mpaka Febuluwale ndi Malichi. Chaka cha 2024, mvula itadula, boma linalengeza kuti m'maboma 23 mwa 28 mwagwa tsoka, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti anthu pafupifupi 5.7 miliyoni afunika thandizo la chakudya kuyambira Okutobala chaka chimenecho mpaka Malichi 2025. Koma ngakhale chaka cha mvula yabwino, kwa osauka Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya madeya, ya mango aawisi owiritsa, ya nyika ku Chigwa cha Shire. Pa 25 penipeni ambiri amayesetsa ndithu, wina amagwira nkhuku yake yomaliza, wina mwana wake wa m'tauni watumizako kangachepe. Zimavuta pambuyo pake, alendo atabwerera, mafoni atasiya kulira.

Njala ya nyengo imeneyi ili ndi msampha umene anthu a m'tauni sauona. Mayi wamasiye ufa ukamuthera amanyamula khasu kukapalira m'munda mwa wina, kuti madzulo abwere ndi kandowa ka chimanga kapena madeya. Masiku amene ali paganyuwo, munda wake womwe ukudyedwa ndi udzu. Chimanga chikapanda kupaliridwa m'masabata oyambirira chitamera chimapinimbira, ndipo ngakhale mudzapalire pambuyo sichibwereranso mwakale. Ndiye akolola pang'ono, chaka chamawa chakudya chimuthera msanga, abwereranso paganyu, munda wakenso uwonongeka. Thumba limodzi la makilogalamu 50 likafika pakhomo pake kumapeto kwa Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale, limamubweza m'munda mwake pa nthawi yake yeniyeni, apalire, abandire. Ndalama imodzimodziyo imene pa 25 ikanagula zakumwa za tsiku limodzi, apa ikuteteza zokolola za chaka chathunthu.

Ndipo si zonse zofuna ndalama. Agogo amene akulera zidzukulu okha, msana unatha kale, chimene angakondwere nacho kuposa shuga ndi kuona achinyamata a mpingo wanu atafika m'mamawa ndi makasu, pofika masana munda wonse wayera. Denga laudzu likudontha, agogowo akugona chokhala pakona pamene pali pouma: pepala la pulasitiki, mitolo ya udzu, anyamata awiri, ntchito ya tsiku limodzi. Palinso phindu lina limene anthu salitchula. Okalamba ambiri m'midzi mwathu akunamiziridwa ufiti, ena akumenyedwa mpaka kuphedwa. Agogo amene anthu amaona kuti ali ndi owayendera kawirikawiri, achipongwe amayamba aganiza kawiri asanawatole.

Muwapeza bwanji oyenerawo? Musadalire maso anu okha, chifukwa wovutikitsitsa nthawi zambiri sapempha, ndipo kutchalitchi anasiya kubwera chifukwa alibe chovala. Funsani amfumu, alangizi a zaumoyo amene amayenda khomo ndi khomo, akuluampingo a kuderako. Boma lili ndi ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, yopereka kandalama kwa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwirira ntchito, koma imafikira ochepa, ndipo amene anatsala kunja kwa kaundula amfumu amawadziwa. M'tauni namonso Januwale ndi wowawa: fizi, lendi, yunifolomu, katapila wa mu Disembala akufuna zake. Mwana mmodzi amene akanatsala pakhomo teremu ikamayamba, inu n'kumulipirira, mwachita chachikulu.

Za nyumba zosungira ana amasiye ndingonena mwachidule. Ana ambiri a kumeneko ali ndi abale amoyo, unawapititsako ndi umphawi. Kuthandiza agogo kapena azakhali kuti mwana akulire pakhomo n'kwabwino kuposa kumupititsira maswiti kamodzi pachaka. Ngati mukufunabe kupitako, dzerani kuofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu.

Pali enanso amene chosowa chawo si ufa. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera, ku Chilobwe, ku Chiradzulu, ku Mulanje, ku Phalombe, ndipo pali mabanja amene mpaka lero sanaike maliro chifukwa thupi silinapezeke. Kwa iwo nyengo ino ndi yowerenga amene kulibe. Koma simufunika kupita kutali. M'gulu lanu lomwelo mwina muli mayi amene waika mwamuna kapena mwana chaka chino. Pasiwa tinadzaza, tinagona, tinaphika, tinaimba. Patatha miyezi itatu palibe amene amapondako. Khirisimasi yoyamba ndi yowawa koposa. Pitani mukakhale naye, osati kukamuuza kuti alimbe mtima, amenewo anamva kale okwanira. Mutchuleni malemuyo, mukumbutsane zimene ankachita, akalira musiyeni alire. Muitanireni kwanu, akakana musamukakamize, mumutumizire mbale. Ndipo khalani tcheru ndi abambo amene ntchito yawathera kapena amira m'ngongole, chifukwa nyengo ino ana akamapempha zovala zatsopano manyazi amawadya kwambiri. Munthu akayamba kunena kuti kuli bwino angofa, kapena kugawa katundu wake mosadziwika bwino, musaziyese nthabwala kapena mowa. Mufunseni mwachindunji, musamusiye yekha, mupite naye kuchipatala.

Abale athu a kunja nawonso timawakumbukira molakwika. Mnyamata ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, akugwira m'munda wa maluwa kapena m'shopu, basi yobwerera kumudzi yamukanika. Mlongo wanu ali ku Britain, pa 25 akusambitsa okalamba a eni ake, kunja kukuzizira. Mafoni amene amalandira mwezi uno pafupifupi onse amathera pa mawu akuti "tsono ya Khirisimasi". Muimbireni tsiku limodzi osapempha kanthu, mumufunse wadya chiyani, mumupatse ana amulankhule.

Mwatchula zojambulitsa. Ine ndikupemphani kuti mafoni akhale m'zikwama. Munthu wogona pabedi, chubu chili m'mphuno, sangakane kujambulidwa pamene wojambulayo wanyamula sopo woti amupatse, koma kusakanako si kuvomera. Chithunzicho chikapita pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp chimakafika kumudzi kwawo, kwa apongozi, kwa anzake a mwana kusukulu, ndipo sichifufutika. Ana, odwala ndi akaidi musawajambule n'komwe. Ngati mukufuna umboni woonetsa gulu kapena amene anathandizapo, jambulani katunduyo asanagawidwe, sungani malisiti, msungichuma awerenge lipoti pamsonkhano.

Ndikanakhala msungichuma wa gulu lanu, ndalamayo sindikanaithera yonse tsiku limodzi. Kagawo kochepa kapite ku chikondwerero chenicheni, chifukwa sindikufuna mundimve ngati ndikuti wosauka azingolandira mgaiwa. Mwana wa mlonda naye amafuna mpunga wa nkhuku ndi Fanta pa Khirisimasi, ndipo n'koyenera kuti alawe. Gawo lalikulu lisungidwe, lituluke mu Januwale ndi Febuluwale. Musafune kufikira anthu 200. Sankhani mabanja ochepa amene mungawadziwe maina, mayi aliyense kapena awiriawiri akhale ndi khomo lawo loliyendera mpaka zokolola zitalowa, ndipo pamsonkhano wa sabata ndi sabata pakhale mphindi zochepa zofotokoza mmene apezera.

Anzanu ena sadzagwirizana nazo, chifukwa ulendo wa pa 25 anauzolowera ndipo umawasangalatsa, yunifolomu, nyimbo, zonse. Musakangane nawo. Apempheni chinthu chimodzi chokha chaka chino, kuti ulendowo usunthire pa 28 kapena pa 29, ndipo ukathere kumene magadiyani amaphikira. Akakaona okha, zokambirana za chaka chamawa sizidzavuta.

Za chaka chamawazo yambani msanga. Thumba lanu la zadzidzidzi likhale ndi kagawo ka ntchito imeneyi mwezi ndi mwezi, osadikira tsiku logawana. Chimanga mudzagule mu Meyi kapena Juni chikadali chotchipa, chouma bwino, muthire mankhwala a anankafumbwe kapena muike m'matumba a PICS osalowa mpweya aja, musungitse kwa mayi mmodzi wokhulupirika amene ali ndi chipinda chosadontha. Ndalama imene mu Januwale ingakugulireni matumba ochepa, nthawi yokolola idzakugulirani ochulukirapo ndithu.